Nkhafi Ili pa Bokosi la Bo Namatama

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1949, m'mudzi wathu wakale wa Nasikena, pakati pa chigwa, madzi a Zambezi atafika kale pakhomo la khola. Dzina lawo ndi Bo Namatama Kalaluka, koma ambirinu mumawadziwa kuti Bo Ma-Likando, kutanthauza amake a Likando. Anali mwana wachiwiri wa Bo Kalaluka Imasiku ndi Bo Mbololwa, omwe anatsogola kale. Mwana woyamba ndine ndaima panone, Wamunyima, mlongo wawo. Ndadzitchula dala, chifukwa m'mawa uno mayi wina wandifunsa pachipata ngati ndili wachibale wa malemu. Ndakhala m'dera lino zaka 79, ndinakhalapo mlangizi wamkulu wa zaulimi, ndinakhalaponso khansala wanu, koma lero ndafunsidwa ngati ndili wachibale.

Abusa, akuluakulu a midzi, anamfedwa anzanga, ndi nonse amene mwadzaza mpaka kumsewu, mundikhululukire ndikamagwirira tebuloli. Mnyamata amene akubwera ndi ndodoyo abwerere nayo, sindinafike pamenepo. Mukuona nkhafi yaitali ya mlombwa imene yagonekedwa pa bokosipo. Ndi ya bambo athu. M'thumba la jekete yangayi muli envulopu yomata, imene abusa analemba malemu akuwauza mawu, ndipo ikunena amene atenge nkhafiyo. Sindinaitsegule. Lamulo lake n'lakuti nditsegule ndikamaliza mbiri. Sindikubisirani, nkhafi imeneyo ndaifuna zaka 53.

Tsiku limene malemu anabadwa, banja lathu linali litalongeza kale katundu m'bwato kuti tisamukire kumtunda monga mwa chaka chilichonse. Mayi atadwala, ulendo unaima masiku atatu. Tsiku lonyamuka bambo anapalasa okha, maso ali pa kakhandako, akukaimbira nyimbo njira yonse. Ine, wazaka zinayi, anandikhazika pa mtolo wa mphasa kumbuyo, ndipo titafika tsidya anatsitsa miphika ndi nkhuku, n'kuyamba kuyenda. Anandikumbukira atafika pamitengo ya mango. Abale amaifotokoza nkhaniyi akuseka, ine sindinaisekepo.

Malemu anayamba sukulu mu 1956, pa sukulu ya mishoni kumtunda, ndipo analekezera Sitandade 2. Mu 1959 bambo anali ndi ng'ombe imodzi yokha yoti angagulitse, ndiye anasankha kuti apitirize sukulu ndi ine. Ndinapita ku sekondale, kenako ku koleji ya zaulimi. Anthu amati malemu anamanidwa mwayi, ndipo inenso ndinkawamvera chisoni, mpaka tchuthi china nditabwera ndi nsapato zanga zatsopano. Ndinapeza kamtsikana ka zaka khumi ndi ziwiri kataima kumchira kwa bwato, kakuwongolera, bambo akukafunsa ngati munthu wamkulu mnzawo kuti madzi chaka chino afika pati. Iko kanangoloza zisa za atchete pa bango, n'kunena kuti mbalame zamanga m'mwamba, nkhokwe tiikweze. Nkhokwe inakwezedwa, madzi anabweradi ochuluka. Ine bambo anandifunsa funso limodzi tchuthi chonsecho, lakuti ndibwerera liti.

Pa 20 Julayi 1968 malemu anamanga banja ndi Bo Sitwala Muyunda, mmisiri wosema mabwato. Apa ndiyenera kunena kuti ine ndinali nditawapezera mwamuna wina, mnzanga, kalaliki wa kuboma, munthu wa tayi ndi njinga yatsopano. Anabwera nayo njingayo akuliza belu kuyambira kumsewu. Malemu anaizungulira kawiri, n'kufunsa kuti, "Achimwene, njingayi ndiziikwera miyezi ingati pa chaka m'chigwa muno?" Nkhani inathera pomwepo. Anakhala ndi Bo Sitwala zaka 43, kufikira pamene bambowo anatisiya mu 2011, ndipo sitinaitanidwepo kukaweruza mlandu kunyumba kwawo. Ine banja limene ndili nalo panoli ndi lachitatu, ndipo akuluakulu ena muli panowa munatopa nane.

Tsopano za nkhafi. Achinyamata amene munakulira ku Lusaka mvetserani. Minda yathu ya sishanjo, ya dothi lakuda lija m'mphepete mwa chigwa pamene akasupe amatulukira pansi pa mchenga, ndiyo imatipatsa chimanga chachiwisi mu Disembala ena akugona ndi njala. Mindayo imadalira ngalande. Chaka ndi chaka madzi akaphwera, munthu mmodzi amaitana midzi yonse isanu ndi umodzi kuti ikalambule ngalandezo, ndipo amayenda ndi nkhafi iyi, kumaimika m'madzi. Pa thupi lake pali mzere wosema ndi mpeni. Ngalande ikazama kufika pamzerewo, amati basi, makasu m'mwamba. Agogo athu anaigwira, bambo athu anaigwira.

Mu Julayi 1971, maso a bambo atayamba kuchita khungu, anaitanitsa anthu kuti aipereke. Ine ndinabwera pa galimoto ya boma, satifiketi yanga ili m'chikwama. Bambo ataimirira ndinaimirira nawo, ndinatambasula ndi manja omwe, anthu onse akuona. Anandidutsa. Anakaigoneka pamiyendo pa malemu, mayi wazaka 22, mwana ali kubere. Mawu awo ndikuwakumbukira ngati anena dzulo: "Wamunyima ali ndi mapepala, amudyetsa. Ngalande imafuna munthu wonyowa miyendo." Manja anga aja ndinasowa kowaika, ndinayamba kukonza tayi. Tsiku limenelo ndinabwerera kuntchito ku Mongu osadya.

Mu 1983 ndinabwereranso kuno ndili mlangizi wamkulu, ndi bungwe lina lakunja, ndi chimakina chokumba. Cholinga chinali kukumba ngalande imodzi yaikulu, yozama kupitirira msinkhu wa munthu, kuti dambo lonse liume, minda ichuluke katatu. Msonkhano unachitikira pa bwalo la sukulu. Ndinapachika mapu pa bolodi, ndinalankhula ola lathunthu, alendo akugwedeza mitu. Nditamaliza, malemu anagwada monga mwa ulemu, anaomba m'manja, n'kufunsa kuti, "Achimwene, dothi lakudali ndi chiyani?" Ndinawayankha ndi dzina la m'buku. Iwo anati, "Ayi, ndi udzu. Udzu umene wakhala ukuwolerana kuyambira nthawi ya agogo athu. Nanga udzu ukauma umatani?" Bwalo lonse linaseka, ndi womasulira wa alendowo yemwe. Ine ndinati a Sitandade 2 akhale pansi, akulu akulankhula. Anakhaladi pansi.

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga, ndipo ndichinena lero popeza mwini wake sangandiyankhe. Zimene ananenazo ndinkazidziwa. Zinalimo m'buku langa lomwelo, tinalembapo ndi mayeso. Akanakhala kuti wanena ndi mlendo wina, kapena dalaivala wa chimakinacho, ndikanaimitsa ntchito tsiku lomwelo. Koma zinatuluka pakamwa pa mlongo wanga, pamaso pa anthu omwe aja anaona manja anga ali m'malere. Mawa lake ndinasaina kuti ntchito iyambe.

Ngalande yanga inakumbidwa, ndipo inali yokongola, yowongoka ngati chingwe. Chaka choyamba anthu anakolola, ena anayamba kunditcha mpulumutsi, ndipo ndinkadutsa dala pakhomo pa malemu kuti andione. Pa 6 Okutobala 1984 munthu wina anatentha zinyalala m'munda mwake monga amachitira chaka chilichonse. Moto unazima pamwamba, n'kulowa pansi. Amene munalipo mukukumbuka. Kunalibe lawi, utsi wokha ukufuka m'nthaka, uku ndi uku, sabata khumi ndi imodzi. Ng'ombe zinayi za Bo Silumesii zinatitimira m'phulusa lamoto mpaka m'mimba, ndipo kulira kwake ndimakumvabe. Minda ya mabanja makumi asanu ndi limodzi inasanduka phulusa, ndipo mphepo itachotsa phulusalo panatsala mchenga woyera. Mpaka lero malo amenewo mumawatcha kuti kwa Wamunyima. Ndiye chinthu chokhacho m'dera lino chimene chili ndi dzina langa.

Ife a maofesi tinakhala misonkhano itatu. Tinagwirizana zolembera kalata ku Lusaka kupempha mapampu, ndipo anthu tinawauza kuti azithira madzi ndi ndowa. Malemu sanabwere ku msonkhano uliwonse. Anatenga nkhafi iyi, anayenda midzi isanu ndi umodzi, n'kusonkhanitsa anthu pakamwa pa ngalande yanga. Anati madzi saiwala khwawa, tingowatsekera njira yothawira, abwerera okha. Anamiza bwato latsopano limene amuna awo anali atangomaliza kusema, chopingasa, n'kuunjikapo bango ndi zibuma. Patatha masiku asanu ndi anayi dambo linanyowa kuchokera pansi, utsi unatha. Yankho la ku Lusaka linafika mu Febuluwale, likufunsa kuti mapampuwo tikufuna a mtundu wanji.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikudikira kuti tsiku lina anene kuti, "Suja ndinanena." Ndinali nditakonza kale mayankho, ena abwino kwambiri. Zaka 40 zatha, sananenepo. M'malo mwake Disembala aliyense ankatumiza dengu la chimanga chachiwisi cha m'munda mwawo umene unapulumuka, n'kunena kuti n'cha ana. Ana anakula, anachoka, dengu linkabwerabe, n'cha ana. Ndinkadya, chifukwa chinali chokoma.

Mu 1992, nditapuma pa ntchito, ndinaima nawo pa chisankho cha khansala, ndipo ndinapambana bwino lomwe. Ndinaganiza kuti anthu andikhululukira. Patapita zaka ndi pamene ndinamva kuti malemu ndiwo anayenda khomo ndi khomo kundipemphera mavoti. Amayi ena atawafunsa kuti angavotere bwanji munthu amene anatentha nthaka, iwo anati, "Mpatseni mpando. Munthu akakhala pampando sakumba ngalande." Mukuseka. Sekani, inenso ndikanakhala inu ndikanaseka.

Ofesi yanga inali ndi benchi la anthu khumi, ndipo linkakhala ndi fumbi. Anthu ankadutsa pawindo langa, kundipatsa moni, n'kupitirira kukakhala pansi pa mtengo wa mango kwa malemu, amene ankamva nkhani zawo akusenda chinangwa. Panalibe zamatsenga. Ankangofunsa mafunso amene mwana angafunse. A zanyama atalengeza katemera wa ng'ombe mu Malichi, malemu anafunsa ngati ng'ombezo zidzabwere zikusambira, ndipo katemera anasunthidwira mu Juni. Mu 1995 bungwe lina linalonjeza kutipatsa njinga zisanu ndi imodzi za ngolo zonyamulira odwala. Ine ndinali nditakonza kale mwambo wolandirira, ndi kwaya yomwe. Malemu anabwera pakhomo langa m'mawa, anakhala pamphasa, n'kunena motsitsa kuti theka la chaka kuno ndi madzi, theka linalo ndi mchenga, bwanji tipemphe mabwato awiri ndi chileyi cha ng'ombe. Ndinawauza kuti za boma sazidziwa. Lolemba lotsatira ndinakanena mawu omwewo ku khonsolo ngati anga. Kalata yondiyamikira chifukwa cha nzeru imeneyo ili pakhoma kunyumba kwanga, m'galasi. Malemu anaiona, anapempha mdzukulu kuti awawerengere, ndipo anati galasilo ndi labwino.

Anandilandanso ndi mwana. Nalukui, mwana wanga wamkazi woyamba, uyo wakhala kumutu kwa bokosiyo, ndinamuphunzitsa mpaka Giredi 12 kuti akagwire ntchito ya muofesi. Mu 1996 anapita kwa azakhali ake kukathandiza kukolola mpunga sabata imodzi, ndipo sabatayo sinathe mpaka lero. Akabwera kudzandiona, mawu aliwonse amayamba ndi "azakhali akuti". Denga likudontha, azakhali akuti. Mchere wachuluka m'ndiwo, azakhali akuti. Tsiku lina ndinamufunsa kuti kodi bambo ako sanatipo kanthu pa moyo wako wonse. Anaganiza nthawi yaitali ndithu, n'kundiuza kuti ndinamuphunzitsa kulemba deti pamwamba pa kalata.

Malemu anali mkhristu wa mpingo uno kuyambira 1964, ndipo anatumikira m'chigwirizano cha amayi zaka 37. Anakana udindo wa wapampando kasanu. Ine ndinaupempha wa mkulu wa mpingo kawiri.

Matenda anayamba mu Febuluwale chaka chino. Miyendo inatupa, mpweya unayamba kuchepa. Anagonekedwa ku chipatala ku Mongu kawiri, ndipo madokotala anati ndi mtima. Mu Juni anatiuza kuti tingayese ku Lusaka. Ine ndinalimbikira kuti tipite, ndinayamba ndi kuimba mafoni kwa anzanga akale. Malemu anaitana dokotala, mwana wamng'ono waulemu, n'kumufunsa ngati kumeneko akawaika mtima wina. Dokotala anati ayi. Iwo anati, "Ndiye ndibwezereni kwathu ndikadali wotha kukhala tsonga. Munthu wamoyo savuta kunyamula." Mu Julayi anapempha kuti awakweze pa chileyi akaone kulambula kwa ngalande. Anakhala pamthunzi tsiku lonse, nkhafi ili pamiyendo, osaiimika m'madzi ngakhale kamodzi. Nalukui ndiye anali m'matope.

Loweruka pa 10 Ogasiti ndinapita kukawaona, ndipo anandiuza kuti mbiri yawo ndidzawerenge ndine. Ndinakana. Ndinati muli ndi ana, awiri ndi aphunzitsi, amakukondani. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Ndi chifukwa chake. Wokukonda amaiwala, amangoti anali munthu wabwino. Inu, achimwene, mwakhala mukundiyang'anitsitsa kuyambira m'bwato muja. Palibe chimene ndinachita chimene chinakudutsani, ndi madeti omwe muli nawo. Ndani wina angandidziwe chonchi?" Ndipo taonani, sindinafunse munthu deti ngakhale limodzi. Anatisiya Lachitatu pa 14 Ogasiti 2024, nthawi ya 3 koloko masana, pakhonde la nyumba yawo, ali ndi zaka 75.

Mbiri yathera pamenepo. Tsopano envulopu. Abusa, mwaimata ngati muli ndalama.

Akuti: "Ngalande aziitanitsa Nalukui, ndi wonyowa miyendo." Chabwino. Ndinadziwa. Yandidutsanso, ulendo uno yapita kwa mwana wanga yemwe. Dikirani, pali mawu ena kumunsi. Akuti: "Nalukui safunika nkhafi. Mzere uja bambo anayeza pa bondo lawo, ndipo bondo aliyense ali nalo. Nkhafi muwapatse achimwene. Adokotala anawauza chaka chatha kuti aziyenda ndi ndodo, agwa kale kawiri, koma akukana chifukwa cha manyazi. Iyi sakana."

Mwamva nokha. Ali m'bokosi, koma andigonjetsanso. Kukana sindingakane, amadziwa. Nalukui, mwana wanga, bwera nayo kuno.

Ndi yopepuka. Zaka zonsezi ndinkaiyesa yolemera. Taimani ndiiimike pansi. Mzere uja ndi uwu, ndipo ukufika pa bondo langa ndendende. Ndiye kuti muyezo wa bambo ndakhala ndikuyenda nawo zaka zonsezi m'buluku langa, ndinangosowa kulowa m'madzi. Mundipatse kanthawi pang'ono.

Malemu asiya ana asanu: Likando, Mwiya, Akende, Namwaka ndi Sepo. Asiya adzukulu 19 ndi zidzukulutudzi zinayi. Asiya Nalukui, amene ndinabereka ine koma analera iwo. Asiyanso mlongo mmodzi.

M'malo mwa banja la Bo Kalaluka ndi la Bo Sitwala, ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anatiuza zoona osatizunguza. Ndikuthokoza abusa ndi amayi a chigwirizano amene sanachoke pakhomo pano kuyambira Lachitatu, adzukulu amene akumba manda mumchenga wovutawu, a midzi isanu ndi umodzi amene mwabwera ndi nkhuni, nsomba, mpunga ndi chipepeso, ndiponso ana a Bo Silumesii amene apereka ng'ombe, ngakhale banja lathu, kudzera mwa ine, linawaphera zinayi. Ndayesa kukuwerengani ndili pano, ndalekezera pa mazana asanu ndi awiri. Pa maliro anga sindikudziwa ngati mudzadzaze benchi lija la muofesi. Nsanje imeneyonso ndili nayo, ndipo ndipita nayo kunyumba.

Bo Namatama, mlongo wanga, mwanditsogoleranso. Mukafika mukawapeza bambo, ndipo ndikudziwa kuti akakufunsani za madzi a chaka chino musanakhale n'komwe pansi. Mukawauze kuti Wamunyima waigwira nkhafi, ngakhale waigwira ngati ndodo. Ndikamadzabwera mudzawakumbutse kuti pa mtolo wa mphasa kumbuyo kuli mwana.

Mzimu wa Bo Ma-Likando uuse mumtendere.